Chitsulo Chimene Chinalira Kamodzi

Mu mzinda wina munali mayi wina wachitsikana amene ankagwira ntchito pamalo a masewera, kumene anthu amapita Loweruka kukakwera akatungwe a makina. Katungwe amene iye ankayang'anira anali wamkulu kuposa onse. Ankayamba ngati katungwe wa pa mtengo wa mango, kupita uku, kubwerera uku, koma ankangokwererabe mpaka anthu kuzondoka, mutu pansi miyendo kumwamba. Pamwamba penipenipo ankaima kaye pang'ono, anthu ali lende, kenako n'kutsika.

Ntchito ya mayiyu inali ya maso ndi makutu. Pachipata panali mzati wokhala ndi mzere wofiira. Mwana amene mutu wake sunafike pamzerewo sankakwera, ngakhale anyang'ame ndi zala za kumapazi, ngakhale amayi ake amumange tsitsi lalitali ngati chulu. Imeneyo ndiyo ya maso. Ya makutu inali iyi. Mpando uliwonse unali ndi chitsulo chotsika kuchokera m'mapewa mpaka pamimba, ndipo potsika chinkalira. Khe, khe, khe. Chikalira katatu, ndiye kuti chagwira. Chikalira kamodzi chinkaoneka ngati chatseka, koma mano ake amakhala asanalumane, ndipo chikanatha kutseguka munthu ali m'mwamba.

Mayiyu sanali wolongolola. Ankangotsitsa chitsulo, n'kutchera khutu, n'kupita pa mpando wotsatira.

Loweruka lina masana kunabwera anthu a ukwati. Anali atachoka ku tchalitchi, ndipo asanapite ku holo anadzera kumeneko kudzajambulitsa. Wojambula kanema anati akwati akwere katungwe wamkulu uja, dziko lonse lidziwe kuti banjali siliopa kanthu. Mkwatibwi anasonkhanitsa deresi lake m'manja, nakhala. Chitsulo chinalira katatu. Cha mkwati chimodzimodzi, za aperekezi chimodzimodzi.

Womaliza kukwera anali tcheyamani wa komiti ya ukwatiwo, bambo wa thupi, wa nsangala, amene anali atathamanga miyezi itatu kuti tsikuli litheke. Anakhala pampando, mpando unadzaza. Mayi uja anatsitsa chitsulo.

Khe.

"Bambo, tapumirani m'kati pang'ono," anatero.

Bambowo anapumira m'kati mpaka maso kufiira. Mayi uja anakankha ndi manja onse awiri. Chitsulo sichinalirenso.

"A tcheyamani, ndi nkhuku za ku komiti zimenezo," anatero mperekezi wina, anthu n'kufa nalo phwete. Eni ake nawonso anaseka.

"Pepani bambo," anatero mayi uja motsitsa mawu. "Chitsulo sichinagwire. Mutsike."

Kuseka kwa bambowo kunatha. Kamera inali pa iwo, apongozi a mbali zonse ziwiri ataima pansi kuonerera.

"Mwanawe," anatero a tcheyamani, "manja awa anakweza matumba a fetereza pa lole zaka khumi. Ndigwira ndekha."

Pamenepo akazi awo anatulukira m'gulu la anthu, akumasula chitenje m'chiuno.

"Achemwali, tapatukani. Ana asanu ndinawabereka kumbuyo ndi mfundo imeneyi, palibe anagwapo. Bambo a Tiyanjane awa si oyamba."

Anakulunga amuna awo pamodzi ndi mpando, namanga mfundo yawo, nakoka, nawonjezera ina. Anthu anawomba m'manja. Poyang'ana ndi maso, munthuyo anali womangika kuposa onse.

Mwini malowo anamva phokoso, nabwera. Anaona gulu, anaona kamera, anaona katungwe ataima. Anayandikira wantchito wakeyo, nayankhulira m'mano.

"Iwe, yatsa. Ukufuna kuti tauni yonse ione pa kanema kuti kuno timanyoza alendo? Ukakana, siya kiyi pompano, mawa usabwere."

Mayiyu anali ndi mwana wamng'ono kunyumba, ndipo ntchito imeneyi anaipeza atayenda chaka chathunthu akugogoda m'zipata. Kiyi anali m'manja mwake. Mumtima munabwera mawu okoma. Munthuyu ndi wamphamvu. Chitenjecho n'chatsopano. Ulendo wake ndi wa mphindi ziwiri zokha. Wakulamula ndi bwana, mlandu sudzakhala wako. Anayang'ana mkwatibwi, amene ankamwetulira kudikira kuti katungwe anyamuke. Anayang'ananso chitsulo chija. Khutu lake linali litamva kamodzi, ndipo panalibe chimene chikanasintha zimenezo.

"Bwana, ntchito mukhoza kundichotsa," anatero. "Koma ndipatseni ulendo umodzi wopanda anthu. Ukatha, kiyi ndikupatsani."

Mwini malo anaona kuti anthu amva, ndipo kukana kunamuvuta. Onse anatsika. Kuseri kwa katungweyo kunali matumba a mchenga amene ankayesera makina m'mawa uliwonse asanatsegule. Mayi uja anapempha aperekezi aamuna kuti anyamule awiri, awasanjike pampando wa a tcheyamani. Anatsitsa chitsulo. Chinalira kamodzi, monga poyamba paja.

"Mayi, tamangani mfundo yanu ija," anatero kwa akazi a tcheyamani.

Mayiwo anamanga, nakoka ndi mphamvu zawo zonse, pakuti tsopano inali nkhani ya ulemu wawo. A tcheyamani, pofuna kubweza nthabwala, anavula jekete lawo la duwa pachifuwa, naliveka thumba la pamwamba.

"Apo ndiye ndine amene," anatero. "Ndiyendetseni bwino."

Mayi uja anauza anthu onse kuti aime kunja kwa mpanda, natembenuza kiyi. Katungwe anapita uku, nabwerera uku. Jekete linkakupiza manja ngati munthu wosangalala, ana n'kumalibayibitsa. Katungwe anakwera, nakwererabe, nazondoka, naima pamwamba paja.

Chitsulo chinatseguka. Chitenje chinagwira kwa kanthawi kochepa, kenako chinang'ambika, kulira kwake kunamveka mpaka kuchipata. Matumba anatsika okha. Anafika pa simenti n'kuphulika, mchenga n'kumwazika mpaka ku nsapato za anthu. Jekete linagona pakati pa mchengawo chafufumimba, dzanja limodzi litapindikira kumsana.

Palibe anaseka. Akazi a tcheyamani anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi zovala zawo za ukwati. Bambowo anayang'ana jekete lawo nthawi yaitali. Kenako anayenda kupita kwa mayi uja, amene anali atazimitsa makina n'kutambasula dzanja kuti apereke kiyi kwa bwana wake.

"Mwana wanga," anatero bambowo, "ukanandimvera ine, holo imene takongoletsa ija ikanalandira anthu a maliro."

Akazi awo anadzuka. Nthungululu imene anaimba inachititsa akatungwe ena onse kuoneka ngati aima. Amayi a mbali ya mkwati anayambitsa nyimbo yoyamika Mulungu, a mbali ya mkwatibwi anailandira, ndipo aperekezi amene anaphunzira masitepe a ku holo milungu isanu anawavinira pomwepo, kuzungulira wantchito wamanyazi amene sankadziwa koyang'ana. Mkwatibwi anamugwira dzanja, nati ku holo asasowe. Mwini malo sanalandire kiyi uja. Anangoti, "Anthu akudikira, kweza ena," ndipo anapita yekha kukatenga tsache.

Akwati anakweranso. Pa mpando uliwonse gulu lonse linkawerengera pamodzi ndi chitsulo mpaka katatu. Anakwera, anazondoka, deresi loyera linauluka m'mwamba ngati mbendera, ndipo onse anatsika amoyo, akuseka. A tcheyamani anaonerera ali pansi, atavala malaya okha, akuvina kuposa wina aliyense.

Abale ndi alongo, thupi la bambo aja silinali tchimo. Chimene chinatsala pang'ono kuwapha ndi mawu awiri aja, akuti ndigwira ndekha.

Ambiri a ife tinalira kamodzi. Ku tchalitchi timabwera, nyimbo timazidziwa, yunifolomu tili nayo. Woyang'ana kunja amati uyu ndi womangika. Koma mumtima muli chinthu chimene takana kuchisiya, kaya ndi chidani cha kalekale, kaya ndi chibwenzi chobisika, kaya ndi kudzikuza chabe, ndipo chadzaza mpando kotero kuti dzanja la Mulungu silifika pamene liyenera kufika. Ndiye timawonjezera chitenje. Timati amayi anga amandipempherera, akazi anga ndi a chigwirizano, agogo anga ndi amene anaumba njerwa za tchalitchi chino. Mfundo zimenezo n'zabwino, zinatibereka tili ana. Koma munthu wamkulu sizingamugwire.

Katungwe akadali pansi, wolira kamodzi ndi wolira katatu amaoneka ofanana. Kusiyana kumadziwika tsiku limene moyo wazondoka, dokotala akakuitanira m'chipinda chapadera, ntchito ikatha, foni ikabwera ndi uthenga umene sunauyembekezere. Tsiku limenelo manja ako, ngakhale ananyamula matumba zaka khumi, adzatopa.

Choncho Mawu a Mulungu akakuuza kuti tsika, sichinagwire, usakwiye, ngakhale anthu akuona. Amene akukuchititsa manyazi lero ndi amene akufuna kuti ukafike ku phwando. Tsika, tula chimene chadzaza mpandocho, ndipo ulole kuti Iye akugwire mpaka pomaliza. Ukagwidwa choncho, kwera usaope. Udzazondoka ndithu, pakuti palibe anatilonjeza ulendo wosazondoka. Koma amene wakugwira sataya munthu, ndipo udzatsika ukuimba.