Mng'oma wa Amayi

Ana inu, lamulo la bambo anga a Zakeyu linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka makutu anga kuwawa. "Enelesi, ukathire madzi m'phale la njuchi, ubwereko. Mng'oma usautsegule. Njuchi sizifulidwa ndi moto, komanso wofula uchi amasiyirako eni ake."

"Ndamva, bambo," ndinkayankha choncho, maganizo ali kwina.

Ming'oma yathu inali m'nkhalango kuseri kwa phiri. Umodzi, wopachika mumtengo wa msuku, unali wa malemu amayi anga. Anaupachika okha ndisanabadwe, ndipo njuchi zake zinali zisanasamukepo. Bambo akamafula mng'oma umenewo ankafukiza utsi wa zitsononkho pang'onopang'ono, kwinaku akuzilankhula ngati alendo. Ankachotsa zisa zochepa, zotsalazo n'kuzisiyira njuchi ndi ana awo. Ine ndinkangoona ngati n'kutaya uchi.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Atsikana anzanga kusukulu ankadzola mafuta onunkhira, ine miyendo ili mbuu ngati ndagona paphulusa. Ndinamva kuti phula la njuchi ukalisungunula ndi mafuta a mtedza, khungu limasalala. Ndinapempha bambo.

"Dikira mvula igwe, maluwa achuluke," anatero. "Panopa n'chilimwe, njuchi zikudya zomwe zinasunga. Ukazilanda zidya chiyani? Mng'oma usautsegule."

Loweruka masana ndinanyamula chigubu cha madzi, koma m'thumba la diresi munali machesi. Bambo anandiitana ndili pachipata. "Enelesi! Madzi okha, wamva?"

"Madzi okha, bambo."

Nditafika pamsuku paja ndinamanga chitsakata cha udzu wouma, n'kuchiyatsa, n'kukwera. Nditachotsa chotsekera, ndinalowetsa moto wonsewo m'kati. Phokoso lomwe linamveka m'menemo sindidzaliiwala. Njuchi zinkagwa pansi mapiko atapsa, zina zikukwawa pamikono panga. Zinandiluma zingapo, koma dyera linandigwira. Ndinazula chisa, n'kuzulanso china, mpaka ndi zisa za ana zomwe. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinakulunga zonse m'chitenje n'kusenza, uchi ukuchucha m'khosi mpaka kumsana.

Ndisanayende patali ndinamva tswatswa m'masamba. Ndinaima, nayenso anaima. Ndinayenda, tswatswa uja anayambanso. Kenako kunabwera fungo loipa, ndipo nditacheuka ndinamuona: chiuli, chilombo chachifupi chakuda, chamsana wotuwa, chomwe chimakonda uchi ndipo sichiopa ngakhale agalu. Ankanunkhiza madontho a uchi m'njira, akubwera kwa ine.

Ndinamuponyera chisa chimodzi. Anameza, n'kubwerabe. Ndinataya mtolo wonse, ndikuthawa. Koma uchi unali pathupi panga, ndipo ndinkamumva akuguguda kumbuyo kwanga. Ndinakwera kamtengo kena kowonda, iye n'kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, zikhadabo zikupala khungwa pansi pa mapazi anga.

"Bambo! Bambo ineee! Ndikufa!"

Mwayi wanga bambo anali atanditsatira ataona kuti ndachedwa. Anatulukira ndi nkhwangwa ndi agalu athu awiri, akukuwa. Chiuli analimbana ndi agalu kanthawi, n'kulowa m'tchire atanyamula chisa kukamwa.

Bambo ananditsitsa mumtengomo. "Mwana wanga, wavulala? Chilombochi chatiswera mng'oma, eti?"

Apa ndi pomwe manyazi anga ali, ana inu. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndinanamizira chiuli.

Tinapita pamsuku paja. Pansi panali bii, njuchi zakufa zokhazokha. Bambo anayang'ana udzu wopserera, kenako anawerama n'kutola kabokosi ka machesi komwe ndinagwetsa.

"Chiuli sayenda ndi machesi, Enelesi," anatero motsitsa mawu. "Iye akadya amachoka, njuchi zotsala n'kumanganso. Izi zinali njuchi za amayi ako."

Ndinkafuna andimenye, mwina zikanandipepukira. Sanandikhudze n'komwe. Anagwada n'kuyamba kuwola njuchi zija ndi manja awo, misozi ikutsika, ine nditangoima poteropo ndi diresi lomata uchi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mng'oma uja bambo anaukonza, anaupaka phula, n'kuupachikanso pamalo pake. Chaka chilichonse maluwa akayamba ankapita kukasuzumira. Mpaka tsiku lomwe anamwalira, simunalowenso njuchi.

Ndiye mukamandiona ndikukukanizani kuyandikira ming'oma yanga, musamati amayi ndi ouma mtima. Mkulu akati usatsegule, usatsegule. Akati siyirako njuchi, siyirako, chifukwa nazonso zili ndi ana ofuna kudya. Mbola zinapola sabata yomweyo, koma ine mpaka lero ndikadutsa pamsuku paja ndimayang'ana pansi.