Nsungwi ya Thengolose ndi Mafupa a M'phanga

Ana a masiku ano mumangolavula miyambi ngati makoko a mtedza, osadziwa kuti mwambi uliwonse uli ndi munthu amene adauvutikira. Khalani pansi mumve za Thengolose, amene adang'ambika zidendene chifukwa cha mawu amene inu mumanena mukuseka.

Thengolose, wa mfunda wa a Mphadwe, adali mkamwini m'mudzi wa Kanyerere, m'munsi mwa phiri la Nsanjiko. Adafikamo ali mnyamata kudzakwatira Nalinde, mkazi wamtali wosalankhulalankhula, ndipo imvi zidamumerera momwemo. Koma mkamwini ndi mkamwini basi. Ngakhale alime mpaka msana kupindika, nkhani za mbumba zikayamba amamutuma kukaona mbuzi. Chidamuwawa koposa ndi dimba. Adaliswa yekha m'dambo, nazula ziputu ndi manja ake. Litayamba kubereka, Kamtedza, mlongo wake wa Nalinde yemwenso adali mwinimbumba, adadula mbali yachonde napatsa msuweni wake. Nalinde sadanenepo kanthu. Kuyambira tsikulo Thengolose adalumbira mumtima kuti sadzafunsanso nzeru kwa munthu wa m'mudzimo, ngakhale mkazi wake yemwe. Ankadyera pamodzi, koma mawu awo adali a mchere ndi madzi osamba okha.

Chilimwe china Thengolose adakwera phiri kukafuna njuchi zoti afule. Phazi lidaterereka pathanthwe, iye n'kugwera m'kaphanga kobisika ndi zitsamba. Maso atazolowera mdima adaona kuti sadali yekha. Pakona padali mafupa a munthu, ouma, oyera, fupa limodzi la ntchafu lili lothyoka. Pambali pake padali kasemasema wadzimbiri. Pansi pa nthiti padali kanyanga kakang'ono, kozengedwa waya wamkuwa kukamwa, kunsonga kuli kabowo komatidwa ndi phula louma.

Thengolose adakatembenuza kanyangako.

"Koma ichi n'chiyani?" adadzifunsa. Ndipo popeza padalibe wina, adadziyankha yekha: "Nyanga ya ufiti iyi. Akangoiona, munthuyu samuika m'manda."

Adakabisa m'thumba la malaya, ndipo atafika kumudzi adakasomeka m'udzu wa denga la chigafa chake chakale cha fodya.

Nkhani ya mafupawo itamveka, apolisi adabwera, adasuzumira m'phangamo, wina n'kugogoda chigaza ndi kamtengo. Adati mafupawo ndi akalekale, palibe amene adadandaulapo za munthu wosowa, anthu angowaika. Adakwera galimoto yawo, fumbi lokha ndiye lidatsala. Ntchito yawo idathera pomwepo.

Tsono manda a mudziwo woyang'anira wake adali Kamtedza.

"Alamu," adatero Kamtedza, "manda awa ndi a mbumba. Tikafika naye kumeneko, makolo tikawauza kuti tabweretsa yani? Munthu wopanda dzina salowa. Mubwezereni kumene mwamutola."

"Ndiye kuti mlendo akafera kuno ndi galu?" adafunsa Thengolose.

"Sindidatero. Pezani eni ake, tiwapatsa malo."

Thengolose adamva mawuwo ngati akunena za iye mwini. Abale ake kwawo adali atatha. Adaona kuti tsiku lina iyenso adzagona pamphasa anthu akukangana za kumene angamutaye. Adakulunga mafupawo m'mphasa yatsopano, nawaika pathandala m'chigafa muja, nanena pamaso pa anthu kuti dzina la munthuyu alipeza yekha.

Adayamba ndi kuweruza kuti ndi mwamuna. Mafupa a miyendo adali aatali, ndipo kasemasema ndi chida cha amuna osema mitondo ndi mipini. Kenaka adadula nsungwi, naiyeza pafupa la msongolo, naikapo chizindikiro ndi mpeni. Nsungwi imeneyo idasanduka mnzake wapaulendo.

Akutuluka nayo koyamba, Nalinde adali pakhonde akupeta mphale.

"A Mphadwe, kodi mwatsimikiza kuti ndi mwamuna? Bwanji ndiwaoneko?"

"Za dimba udaziona ndi maso onse awiri, udanenapo chiyani? Peta mphale zako."

Nalinde adapitiriza kupeta.

Adayenda Thengolose. Mudzi uliwonse wozungulira phirilo adaufika, akufunsa ngati padasowapo mwamuna wamtali wosema. Akapeza banja limene lidataya munthu, ankaimika ana ndi adzukulu aamuna pamzere n'kumawayeza miyendo ndi nsungwi ija, poti mwendo umatsata mtundu. Ena ankamulandira bwino. Ambiri ankamuona ngati wapenga.

Kumudzi wina adapeza mayi wokalamba amene mwamuna wake adasowa kalekale, wamtali, wosema mitondo. Thengolose adati basi, ndafika.

"Abambo, musadzivutitse," adatero mayiyo. "Ameneyo ali moyo, akusemera mkazi wina kutsidya kwa mtsinje. Koma akadzafa, mafupa akewo ndiye mudzandibweretsere. Ndili nawo mawu."

Kwina banja lidabwera lonse ku Kanyerere, amayi atayamba kale kulira ali panjira, kuti ndi malume awo. Atavundukula mphasa, mkulu wawo adayang'ana chigaza n'kufunsa kuti, "Nanga mano onsewa awatenga kuti? Malume adaguluka mano akutsogolo ali mnyamata, ng'ombe idawaponda." Amayi aja adapukuta misozi, nadya nkhuku imene Nalinde adawaphera, n'kumapita. Mmodzi adadandaula kuti nkhukuyo idali yokalamba.

Wina adamulangiza kuti akaombeze. Woombezayo adati mwini mafupa adachokera kumene kumatulukira dzuwa. Thengolose adayenda mpaka kumene chilankhulo chidayamba kusintha, osapeza kanthu. Pobwerera adamuuza woombezayo, iye n'kuti, "Ndidati kumene limatulukira mukaima kuseri kwa phiri." Anthu otero alipo mpaka lero, ndipo amanenepa.

Kumudzi adamupatsa dzina loti Mlamu wa Mafupa. Akamadutsa pamowa, amuna ankatambasula miyendo. "Tayezani wangawu, a Mphadwe, mwina ndine ndidafa." Iye ankangopitirira. Akatopa ankalowa m'chigafa, n'kusolola kanyanga kaja, n'kumakayang'ana. "Ichi n'chiyani?" Tsiku lina ankati ndi ya kutamba, tsiku lina ya kukawa, tsiku lina yotetezera akuba. Mayankho onse adali ake, ndipo onse ankamuuza kuti abise.

Zilimwe zidapita. Chaka china mvula idadula chimanga chili m'maondo, ndipo anthu adapeza pogwira. Adati mzimu wa m'chigafa ndiwo ukumanga mitambo. Kamtedza adabwera pabwalo pa Thengolose, osakhala n'pansi pomwe.

"Alamu, tapirira mokwanira. Mvula yobzalira isanagwe, mafupawo akhale atabwerera kuphanga. Mukakana, tiotcha chigafacho zonse zili momwemo."

"Dimba mudatenga. Tsopano mukufuna chigafa."

"Tikufuna mvula. Inu mukufuna chiyani, poti munthuyo si mbale wanu?"

Thengolose adayendanso, koma miyendo idali itayamba kukana. Masuku adapsa, nyenje zidalira, mitambo idayamba kusonkhana pamwamba pa Nsanjiko. M'mawa wina mphepo idabwera ndi fungo la dothi lonyowa, ndipo adadziwa kuti nthawi yamuthera.

Adatulutsa mphasa ija naigoneka pamthunzi kuseri kwa chigafa, kuti aimange bwino ndi luzi asananyamuke. Nsungwi adaiponya pansi. Adasolola kanyanga kaja, poti nako kadayenera kubwerera ndi mwini wake. Adakhala pachitsa, kali m'manja, nalankhula mokweza monga adazolowera.

"Iwe mnzanga, wandilaula. Ndakuyendera dziko lonse. Ukadangondiuza kuti ichi n'chiyani."

"N'cholumikira."

Thengolose adadzidzimuka. Nalinde adali ataima kumbuyo kwake, mtolo wa udzu wofolerera nkhokwe uli pamutu. Adautula pang'onopang'ono, maso ali pakanyangako.

"Wati chiyani?"

"Ndati n'cholumikira. Munthu mutu ukamuwawa, amamutema pang'ono ndi lumo, n'kuvundikira nyangayo pabalapo. Wolumikayo amayamwa mpweya pakabowo ako, n'kumata ndi phula kuti magazi oipa atuluke. Kwanu simunkatero?"

"Kwathu ankalumika ndi kachikho," adatero Thengolose, mawu atachepa. "Nyanga kwathu ndi ya afiti."

"Patseni."

Adampatsa. Nalinde adakatembenuza mpaka chala chake chidafika pa waya wamkuwa uja. Adaukankha ndi chikhadabo, ndipo pansi pake padaoneka mng'alu. Adakhala pansi padothi, miyendo itatambasuka.

"Mng'alu uwu ndidaswa ndine," adatero. "Ndidali kamtsikana. Ndidakagwetsera pamphero ndikuseweretsa. Amayi adandikwapula, abambo n'kuzengapo waya uwu."

Apa ndiyenera kukuuzani zimene mudzi wonse unkadziwa, ndi Thengolose yemwe. Mayi a Nalinde ndi Kamtedza, dzina lawo Nasakala, adasowa ana awo ali aang'ono. Sabata imene adasowayo padachokanso m'mudzimo mwamuna wina wogulitsa nsalu. Anthu adalumikiza ziwirizo, nati Nasakala wathawa ndi wansalu. Padalibe amene adakwera phiri kukafuna. Nalinde adakula akutchedwa mwana wa wothawa, ndipo Kamtedza adaletsa kuti dzina la mayiyo lisamatchulidwe pakhomo pake.

"Koma ndi mwamuna uyu," adatero Thengolose, ngakhale iye mwini adamva kuti mawuwo alibe msana. "Kasemasema uja..."

"Ankasendera makungwa a mankhwala. Ankapita yekha kuphiri, poti mitengo yake sankafuna kuti anthu aidziwe."

Nalinde adatola nsungwi ija pansi, naigoneka pambali pa mwendo wake, kuyambira pakakolo. Chizindikiro cha mpeni chidafika pabondo penipeni.

Thengolose adayang'ana nsungwiyo, nayang'ana mwendowo. Adali atayeza amuna a midzi yonse yozungulira phiri. Mwendo umene unkamudutsa pakhomo m'mawa uliwonse sadauyezepo.

"Nthawi yonseyi, a Mphadwe," adatero Nalinde, "amayi ali m'chigafa, ine ndikuwadutsa popita kukatapa chimanga. Ndidakupemphani tsiku loyamba lija."

"Nanga iwe sukadakakamira?"

"Pakhomo pano munthu amakakamira?"

Nalinde adakwawa mpaka pamphasa, naisanjika manja, ndipo maliro amene adachedwa kuyambira ubwana wake adawalira pamenepo, dzuwa lili pamutu. Anthu adathamangira kuchigafa. Kamtedza adafika ali ndi machesi m'manja, akuganiza kuti mlamu wake wayambanso makani. Mlongo wake adangomupatsa kanyangako. Adakayang'ana nthawi yaitali, kenaka adakweza dzanja n'kugwira timabala takale tam'mbali mwa mutu wake.

"Alamu," adatero Thengolose, "dzina lija ndalipeza. Kaya makolo anu alidziwa."

Munthu amene Kamtedza adamukaniza malo zaka zonsezo adali mayi wake womubala.

Mwambo wathu mukuudziwa: mwana sakumba manda a kholo lake. Adakumba ndi adzukulu ochokera m'mabanja ena pamodzi ndi akamwini, ndipo khasu loyamba adaponya ndi Thengolose. Kanyanga kaja Nalinde adakaika m'bokosi ndi dzanja lake. Nsungwi adaisunga, n'kumatsekera nayo khola la nkhuku. Mvula idagwa patapita masiku, ndipo a pamowa aja adayamba kunena kuti iwo ankakayikira kuyambira kale kuti mafupawo ndi aakazi. Dimba lija silidabwezedwe. Musayembekeze kuti anthu akachita manyazi amabweza zinthu.

Tsiku lometa, mkulu wina wa adzukulu adafunsa Thengolose kuti zidatheka bwanji kusunga chinthu m'denga zaka zonsezo osachidziwa.

"Ndinkafunsa tsiku ndi tsiku," adatero Thengolose.

"Munkafunsa yani?"

Thengolose adakanda m'mutu mometedwamo. Mkuluyo adapukusa mutu nati, "Ichi n'chiyani, n'kulinga muli awiri."

Mawuwo adatuluka pamaliropo n'kufalikira, ndipo ndi omwe mumanena lero. Tanthauzo lake ndi ili: funso limafuna munthu wina woti alimve. Ukadzifunsa wekha, umadziyankha ndi mantha ako omwe ndi mkwiyo wako womwe, ndipo yankho lolakwa umalisunga m'denga ngati chuma. Thengolose adali ndi mafupa ndi nyanga, Nalinde adali ndi chikumbukiro. Aliyense payekha adalibe dzina loti akanene kumanda. Thengolose sadali munthu woipa, ndipo dimba adamulandadi. Koma chakukhosi chidamuyendetsa dziko lonse kufunafuna yankho limene linkapeta mphale pakhonde pake. Tsono ukatola chinthu chokuzunguza mutu, usachisomeke m'udzu. Pita nacho kwa mnzako, ngakhale amene simulankhulana, umuonetse, ufunse mokweza: ichi n'chiyani, n'kulinga muli awiri.