Tsiku Limene Boila ya a Nakhumwa Inakuwa

Kalekale, m'munsi mwa phiri kumene nkhungu imagona m'minda ya tiyi mpaka dzuwa litakwera, kunali fakitale ya njerwa zofiira. M'kati mwake munali boila, chithanki chachitsulo chowiritsira madzi, ndipo nthunzi yake ndiyo inkaumitsa masamba a tiyi. Oisonkhezera moto anali a Nakhumwa. Anamerera imvi pakhomo la ng'anjo yake, moti akatsinzina ankaimva boilayo ikupuma ngati ng'ombe yokhuta. Akazi awo anamwalira osawasiyira mwana, koma iwo analera ana atatu a mlongo wawo, Gostino, Esinati ndi Lusiyano, ndipo onsewo anadzalowa ntchito pafakitalepo.

Pamwamba pa boilayo panali valavu. Ntchito yake inali imodzi yokha: nthunzi ikachuluka kupyola muyezo, itseguke n'kuitulutsa kuti chithankicho chisaphulike. Koma tsiku lotero silinkafika. Valavuyo inangokhala phee, mvula n'kubwera, mvula n'kupita, akangaude akulukapo maukonde awo. Chinthu chogwira ntchito tsiku ndi tsiku chikafa, aliyense amaona. Nanga chimene chimangodikira tsiku la ngozi, mungachidziwe bwanji ngati chili mtulo kapena chinafa kale?

Kudzutsa zogonazo ndiyo inali ntchito ya Esinati. Ankayenda yekha m'makona mwa fakitale ndi sipanala m'thumba, akuliza belu la ngozi popanda ngozi, akuyatsa pampu yodikirira pamene inzake inali yamoyo. M'mawa wina wa chiperoni, nkhungu italowa mpaka m'mawindo, a Nakhumwa anamuona akukwera makwerero ngati munthu wolowa mumtambo. Anakoka chogwirira cha valavu. Sichinasunthe. Anakokanso ndi manja awiri. Zii.

"Amalume, zimitsani moto," anatero ali pamwambapo.

"Wamva chiyani, mwana wanga? Boilatu ikupuma bwinobwino."

"Kupuma ikupuma. Koma pakamwa pamene ikanakuwira pamatirira ndi dzimbiri."

A Nakhumwa anazimitsa moto mtima ukuwawa. Masamba amene anali atathyoledwa kale anavunda m'madengu, ndipo othyola tiyi anang'ung'udza. Ngakhale Gostino anamukalipira mlongo wakeyo: "Wavunditsa thukuta la anthu chifukwa cha chitsulo chimene sichinavutepo!"

Esinati atamasula valavuyo anapeza kuti sipuling'i ya m'kati, waya wokhuthala wopotanapotana, inadyeka mpaka kuthyoka. Yatsopano inali yoitanitsa kutali, ndipo ikanafika mvula itatha. Apa ndi pamene Lusiyano, wosula zitsulo ku wekishopu, anaitenga yothyokayo n'kuiyang'anitsitsa. Anapinda ina pamoto, inathyoka. Anapinda inanso, inali yofewa ngati chingwe cha mbatata. Posula yomaliza, kachitsulo kamoto kanathethekera m'diso lake lakumanzere, ndipo kuyambira pamenepo disolo linkangoona chimbuuzi. Komabe anaimaliza, naikwezera yekha pamwamba. Esinati atakoka chogwirira, valavu inatsokomola nthunzi yoyera. Moto unayatsidwanso, ndipo posakhalitsa anthu anaiwala nkhaniyo.

Mvula inafika, tiyi anaphuka mpaka mathirakitala kulephera kututa. Masana ena a Nakhumwa anayang'ana geji yosonyeza mphamvu ya nthunzi, naona muvi wake uli pansi. Anaponya nkhuni za bulugamu. Muvi sunakwere. Anaponyanso zina. Sanadziwe kuti muviwo unali utakakamira, ndi kuti m'mimba mwa boila nthunzi inali itafufuma kale.

Mwadzidzidzi valavu inakuwa. Mfuu yake inadzidzimutsa akhwangwala m'mitengo, ndipo othyola tiyi kumtunda anaima, madengu ali kumsana. Chithankicho sichinaphulike. Koma paipi yotayira nthunzi panja inalekana pamfundo imene Lusiyano anamanga pobwezera valavuyo, ndipo chipinda chonse chinayera mbee.

A Nakhumwa sanadziwe kuti agwa. Iwo anangoona ngati akuyenda m'munda wa tiyi m'mamawa, nkhungu ikuwafika m'chiuno, mapazi osagunda pansi. Patsogolo pawo panali akazi awo aja, ali mtsikana ngati kale, akuthyola nsonga za tiyi uku akung'ung'uza nyimbo. Anawatsatira. Mayiwo anacheuka, namwetulira.

"Mukupita kuti, bambo? Si lero. Bwererani."

Kenaka manja ena anawagwira m'khwapa. Anali a Gostino, amene anali atangofika ndi thirakitala ya nkhuni. Anthu onse ankathawira kuchipata, koma iye anadzifunditsa chiguduli chonyowa, nakwawa m'nthunzimo akufufuza ndi manja mpaka anakhudza phazi la amalume ake. Anawakokera panja, nabwereranso m'katimo kukaphwasula moto wa m'ng'anjo. Potuluka, khungu la mikono yake linali litasupuka.

A Nakhumwa anachira, koma chifuwa chawo sichinalolenso utsi. Manijala anadzawaona nati: "Bambo, mwagwira mokwanira. Tchulani mmodzi mwa ana anuwa alowe m'malo mwanu, atengenso nyumba ya pachitunda imene imapita ndi udindowo. Mmodzi yekha."

Mkuluyo analingalira kuti malowo ayenera kupita kwa amene anapulumutsa moyo wake. Anawaitana atatuwo pakhonde, kunja kukuwaza kamvula.

Gostino anatambasula mikono yake ya zipsera. "Amalume, tsiku lija ndani analowa? Valavu inapulumutsa chithanki, koma inu mukanapsera pansi pompaja."

Esinati anayankha motsitsa mawu. "Achimwene, valavu ija ikanapanda kutseguka, mukanalowa kuti? Chipinda, amalume, inu amene ndi thirakitala yanu, zonse zikanauluka. Ndipo pamene ndinkaitulukira, munkandinyoza."

"Nanga geji ija bwanji sunaitulukire?" anafunsa Gostino.

"Ndinaiyesa, inali yamoyo. Inadzafa pambuyo pake. Sindingakhale paliponse tsiku lililonse."

Lusiyano anatembenuza mutu kuti awaone ndi diso lake labwino. "Achemwali anapeza matenda, koma kupeza matenda si kuchiza. Chimene chinatseguka tsiku lija ndi sipuling'i yanga."

"Ndipo chimene chinalekana ndi mfundo yako," anatero Gostino.

Lusiyano anawerama.

A Nakhumwa anawayang'ana mmodzimmodzi. Akayang'ana Esinati, ankakumbukira chogwirira chimene chinakana kusuntha. Akayang'ana Lusiyano, ankaona diso lotuwa. Akayang'ana Gostino, ankamvanso manja aja m'khwapa mwawo. Kamvula kanaleka, madzi akudonthabe m'malata, atatuwo ali chikhalire kudikira.

Ine nthanoyi ndaitula pomwepa, ndipo ndaisiya m'manja mwanu. Wina anatulukira chilema chimene palibe ankachiona, wina anachikonza n'kutayapo diso, wina analowa m'nthunzi anthu akuthawa. Mukanakhala a Nakhumwa pakhonde paja, mukanatchula ndani: Esinati, Lusiyano kapena Gostino?