Mpanda Umene Unakhotetsa Madzi

Panali mphunzitsi wina, Mayi Gomile, amene ankaphunzitsa za nthaka ndi madzi pa koleji ina mumzinda. Kolejiyo inali pamtunda. Kumunsi kwake kunali nyumba zothithikana, ndipo dzinja lililonse madzi ankalowa m'nyumbamo, kunyowetsa ufa ndi zofunda. Makoma ena ankagwa eni ake ali momwemo.

Khonsolo ya mzindawo inapempha koleji kuti agwirane manja: a koleji afufuze kayendedwe ka madziwo, a khonsolo akonze. Mayi Gomile anavomera. Anatenga ophunzira awo n'kuyamba kuyenda m'matope, kulondola komwe madzi ankachokera. Khonsolo inatumiza Bambo Chilimampunga, mkulu woona za mapulani a mzinda. Iwowa anabwera atamanga kale mfundo mumtima: nyumba za kumunsi zigumulidwe, eni ake akaone kolowera.

Koma madziwo anawalondolera kwina. Anawafikitsa pampanda wa njerwa wa koleji yomweyo. Kale madzi ankadutsa pabwalo la mpira la koleji n'kukathira mumtsinje. Mpanda utamangidwa anasowa podzera, basi n'kukhotera kwa anthu.

Mayi Gomile anauyang'anitsitsa mpandawo. Amene anaumirira kuti mpandawo umangidwe anali iwo omwe, akuba atasowetsa mtendere atsikana ogonera pakolejipo. Ankaunyadira mpandawo.

Bambo Chilimampunga anawayandikira n'kunena chapansipansi. “Mayi, izi zithere pompano. Ife sitingalimbane ndi koleji. Kusamutsa anthu aja n'kosavuta.”

“Kosavuta kwa yani, bambo?” anafunsa Mayi Gomile.

Anapita kwa mkulu wa koleji kukapempha kuti mpanda ubooledwe pomwe madzi ankadutsa kale. Mkuluyo anakana, ati koleji ichita manyazi pamaso pa mzinda wonse. Anapitanso, anakanidwanso. Aphunzitsi anzawo anayamba kuwalambalala, ena n'kumanong'ona kuti mayiwo agulidwa ndi khonsolo. Zinkawapweteka, koma sanaleke kugogoda pachitseko cha mkuluyo. Pomaliza iye anatopa nawo.

“Ngati mukufunadi, kagumuleni nokha,” anatero. “Langa dzanja silikhudzapo.”

Ankayesa kuti wawatseka pakamwa. M'mawa mwake Mayi Gomile anamanga chitenje m'chiuno, nabwereka hamala yaikulu kwa amisiri, n'kupita pampanda paja. Anamenya. Njerwa sinasunthe. Anamenyabe mpaka m'manja munatuluka matuza, ndipo njerwa yoyamba inagwera kunja.

Ophunzira awo analandirana hamalayo. Uthenga utafika kukhonsolo, Bambo Chilimampunga anabwera kudzaona okha. Anayang'ana bowo lija, nayang'ana manja a mayiwo. Anavula jekete, naitanitsa anthu awo kuti akumbe ngalande mpaka kumtsinje, ndi kuika zitsulo pabowopo kuti madzi azidutsa koma wakuba ayi.

Mvula itagwa, bwalo la mpira linasanduka dambo, ndipo anyamata a pakolejipo anang'ung'udza dzinja lonse. Mkulu wa koleji sanathokoze aliyense. Mabanja angapo omwe anamanga m'khwawa mwenimweni anasamukabe, khonsolo itawapezera malo. Koma ena onse kumunsi kuja anagona pouma, m'nyumba zawo zomwe.

Tsono inu amene munaphunzira, ndi inu amene muli pamipando ya mzinda, mukakhala pamodzi kuti mukonze malo anu, vuto mulilondole mpaka pomwe layambira. Nthawi zina likakufikitsani pakhomo panu, pa chinthu chimene munamanga ndi mtima wabwino. Pamenepo musayang'ane kumbali kufuna wosauka woti asenze mtolowo. Yambani ndinu kugumula, ndipo musadikire kuti wina akuombereni m'manja.