Gwedeza ndi Mtima wa Nasimango

Kalekale, msewu wa galimoto usanafike kuno, m'mudzi mwathu munali munthu wina dzina lake Gwedeza, agogo a agogo anu. Anali mkamwini, wobwera kuchokera kuseri kwa phiri, ndipo ankadziwika ndi kuimba ng'oma.

M'mawa wina, nthawi yodula mawere, mkazi wake Nasimango anagwetsa mpeni nakhala pansi pakati pa munda. Thukuta linali kamukamu, milomo itatuwa.

"Atate ake Felesi, mtima wanga ukuthawa," anatero.

Gwedeza anagwada, naika khutu pachifuwa cha mkazi wake. Anamvetsera, anamvetsera. Munthu wozolowera ng'oma sasowa kuuzidwa kuti kuimba kwasokonekera. Mtima uja sunkagunda, unkangonjenjemera, kuthamanga kosawerengeka.

Anamubereka mpaka kumudzi. A Chatsalira, malume ake a Nasimango, anafika, namuyang'ana.

"Ndi dzuwa ili. Mugonekeni pamthunzi, timuphikire mizu. Tione mawa."

"Pepani a malume, mawa ndi kutali. Ndikupita naye kuchipatala cha mishoni."

"Mkamwini, mbumba iyi ndi yako? Akakafera m'njira udzatiuza chiyani?"

Inu mukudziwa mmene zinaliri. Mkamwini angayankhe mwini mbumba? Akanamupirikitsa tsiku lomwelo, ana n'kuwasiya. Gwedeza ankadziwa zonsezo. Koma anadula nsungwi, namangirira bulangete, nakonza machila.

"Akafera m'njira, mlandu ndi wanga," anatero, maso ali pansi.

Amuna atatu anamumvera chisoni nagwirako. Anayenda, anayenda. Anawoloka dambo, anakwera chitunda. Akapuma, Gwedeza ankaikanso khutu pachifuwa paja. Chimodzimodzi. Dzuwa litafika pamutu, Nasimango anasiya kuyankha bwino, manja atazizira. Gwedeza ankangomuitana dzina, kumuitana, kuti asatseke maso.

Pachipatala anapeza mkulu wina wothandiza adokotala, a Yotamu. Iwo sanafunse zambiri. Anagwira pamkono, anamvetsera pachifuwa ndi chipangizo chawo, nkhope n'kusintha.

"Zayamba liti?"

"M'mawa, bambo."

Anamupatsa Nasimango botolo lopanda kanthu. "Mayi, uzirani umu ndi mphamvu zanu zonse, ngati mukubereka." Anauzira mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Anamugoneka chagada, miyendo m'mwamba. A Yotamu anamvetsera, napukusa mutu. Kachiwiri, chimodzimodzi.

Kenaka anatunga madzi ozizira a mumtsuko, nadzaza beseni.

"Mayi, kokani mpweya, muugwire. Inu bambo, musandigwire dzanja."

Anaviika nkhope ya Nasimango m'madzi muja. Gwedeza anayenda ulendo wonse uja kuti mkazi wake adzamizidwe m'beseni? Anafuna kulumpha, koma anadzigwira, naluma mlomo mpaka magazi.

Atamudzutsa, Nasimango anatsamira khoma, maso ali gwa. A Yotamu anamvetseranso, chipangizo chili pachifuwa. Kenaka anavula chipangizo chija, nachiika m'makutu mwa Gwedeza.

Du. Du. Du. Pang'onopang'ono, mofanana.

Gwedeza anakhala pansi pomwepo, nalira ngati mwana.

"Mwachita bwino kubwera lero," anatero a Yotamu. "Koma izi musakayesere kumudzi. Mitima imasokonekera mosiyanasiyana, wina madzi awa sangamuthandize. Zikayambanso, thamangani kuno."

Nasimango anagona m'chipatala masiku anayi akumwa mankhwala. Atabwerera, a Chatsalira sanapepese, akuluakulu akale sankapepesa. Anangotumiza nkhuku kunyumba kwa Gwedeza. Nasimango anabereka ana ena atatu, ndipo womaliza ndiye anabala agogo anu.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno, munthu akati mtima wake ukuthamanga kapena ukudumphadumpha, sitiitanitsa msonkhano, sitidikira kuti kuche. Amene ali pafupi, kaya ndi mkamwini, kaya ndi mtengwa wa dzulo, amamunyamula n'kupita naye kuchipatala. Zokambirana timakamba wodwala atabwerako.