Kiyi wa Chipata cha a Gildardo

M'khitchini mwa Aleida Capera munali msomali umodzi womwe munthu sankapachikapo chikho, nsanza kapena kalendala. Unali pamwamba pa poto wamkulu uja wophikira anthu makumi atatu, ndipo pamsomalipo pankalendewera kiyi wadzimbiri womangidwa kansalu kofiira. Kiyiyo ankatsika kamodzi pachaka, pa 1 Januwale, tsiku lomwe banja lililonse kuno kuchigawo cha Tolima limasenza poto wake kukaphikira kumtsinje.

Ena tonsefe tinkakathithikana pansi pa mlatho, wina akutsuka mbale kumtunda, wina akusambitsa mwana kumunsi. A kwa Capera anali ndi kwawokwawo. Ankakwera jipi mpaka pomwe msewu wafumbi umathera, n'kutsegula chipata cha famu ya a Gildardo Ducuara, n'kudutsa wapansi msipu wa ng'ombe ndi munda wa koko. Kuseri kwa mundawo kunali dziwe lobisala pakati pa miyala, madzi ake ozizira mpaka m'mano, kamathithi kakugwera chakumtunda. Dziwelo linalibe dzina. Pa mapu panali tchire basi.

Kiyi uja anabwera ndi malemu Arcesio, bambo ake a Aleida. Chaka china cha chigumula analowa m'matope mpaka m'chifuwa kukavuula bulu wa a Gildardo, ndipo a Gildardo, munthu wosatha kuthokoza ndi pakamwa, anangopita kukadulitsa kiyi wachiwiri. "Wamagazi ako aliyense azidutsa," anatero. "Muzitseka chipata, ndipo tauni musadzandibweretsere." Zaka makumi anayi mawu amenewo anasungidwa ngati dzira. Mkamwini ankaidziwa njira ukwati utadalitsidwa kale. Ana akafunsidwa kusukulu komwe anadyera Chaka Chatsopano, ankangoti kumtsinje, n'kutseka pakamwa. Ngakhale ife oyandikana nawo nyumba tinadzazidziwa zonsezi zitavunda kale.

Amayi ake a Aleida, a Herminda, anali ndi zaka 88, ndipo mutu unali utayamba kutaya zinthu. Mayina a adzukulu ankawasokoneza, nsapato ankaziika m'furiji, koma tsiku la kudziwe sankaliiwala. Ankawanyamula pampando wa pulasitiki, amuna awiri uku ndi uku, n'kukawakhazika pamwala wosalala, mapazi m'madzi. Akakhala pamenepo nzeru zinkabwerera. Ankafotokoza mmene Arcesio ankaphunzitsira ana kusambira atawamanga chingwe m'chiuno ngati mbuzi. Chaka ndi chaka nkhani inali yomweyo, ndipo aliyense ankaseka ngati akuimva koyamba.

Nubia, mng'ono wake wa Aleida, sanali munthu woipa, zimenezo zidziwike msanga. Anali chabe munthu woti foni inamumera m'dzanja. Zipeso, makatani, mafuta a tsitsi, zonse ankaitanitsa pa intaneti, moti njinga yamoto yobweretsa katundu inkadziwa khomo lake kuposa abale ake.

"Iwe, msika si uwu uli apawu?" Aleida ankatero akusenda chinangwa. "Nsalu umaigwira, umanyoza mtengo, wogulitsa n'kukufunsa za mwendo wa amayi. Foni yakoyo inakufunsapo za mwendo wa amayi?"

"Inandifunsa saizi ya phazi langa, achemwali, ndipo sinaiwale. Anzanu akumsikawo si aja anakugulitsani bulauzi yochucha utoto?"

"Saizi ya phazi, nambala ya nyumba, tsiku lobadwa, nthawi yomwe umadzuka. Banja lokha ndi limene sanakufunsire."

"Adziwe. Ndili ndi chiyani chobisa ine? Ndinapha munthu?"

Mawu amenewo ankawatafuna ngati chingamu, tsiku ndi tsiku. Aleida ankangopukusa mutu, chifukwa mphika sudikira kuti mkangano uthe.

Mu Disembala wa chaka china Nubia anaitanitsa masandasi achikasu ndi chovala chosambira cha maluwa. Katundu atafika, sitolo ya pa intaneti yomwe anagulako inamutumizira uthenga. Inati ajambulitse atavala zomwe wagulazo pamalo okongola, atumize chithunzi, avomere kuti asonyeze komwe chajambulidwira, ndipo opambana adzalandira poto wamagetsi. Nubia sanavutike n'kuganiza za malo.

Tsiku lija linafika ngati masiku onse. Mafuwa atatu omwewo, akuda ndi mwaye wa zaka zonsezo, anawapeza pomwe anawasiya. Amuna anatola nkhuni, Aleida anadula nkhuku zinayi zachikuda, n'kuponyamo nthochi zaziwisi, chinangwa ndi chimanga, msuzi wathu wa sankocho n'kuyamba kubwata. A Herminda anali pamwala wawo, chipewa chaudzu kumutu, nkhani ya chingwe ili m'kati. Nubia anakwera pafupi ndi mathithi n'kuitana Yurani, mwana wamkazi wa Aleida amene amagwira ntchito ku famase, kogulitsa mankhwala.

"Tandijambule, mwanangu. Masandasi aoneke, mimba isaoneke."

"Ndiye ndijambule mapazi okha, amayi aang'ono."

"Pakamwa ngati mayi ako. Jambula."

Kudziwe kuja foni siigwira. Inadzagwira madzulo akutuluka, ali pachipata penipeni, Aleida akulimbana ndi loko. Yurani anasuzumira n'kuona chala cha Nubia chili m'malere.

"Apo akufunsa za malopo dinani kuti ayi."

"Ukadina ayi sulowa mumpikisano."

"Ndiye musalowe. Chithunzicho chasunga pomwe munaima, mpaka mwala wake."

Aleida anatembenuka, kiyi ali m'manja. "Nubia, wamva mwanayo?"

"Achemwali, amene amagula m'sitolo imeneyi ndi azimayi a ku Bogotá, oopa matope. Ndani angavutike kubwera kuno? Komanso chithunzi ndi changa, nkhope ndi yanga. Ndili ndi chiyani chobisa?"

"Nkhope ndi yako. Dziwe si lako."

"Zikavuta ndifufuta. N'kungodina kamodzi."

Anadina. Kanthu kake sikanatenge nthawi yomwe munthu amatenga kuyetsemula.

Chithunzi chinali chokongola, bodza n'loipa. Sitolo inachiika patsamba lake loyamba, pansi pake kamapu kokhala ndi kadontho kofiira. Nubia anayenda nacho msewu wonse kutionetsa. Ine ndinali ndi zochapa, ndinangoti chabwino. M'mwezi wa Febuluwale njinga zamoto ziwiri zinafika pachipata cha a Gildardo, anyamata n'kudumpha waya. Sabata yotsatira zinali zisanu ndi chimodzi. Mmodzi wa iwo anajambula kanema wosonyeza njira yonse, pokhotera, podumphira, mtengo woti uzilondola, n'kulipatsa dziwe lija dzina lakelake. Pofika Sabata Loyera kunabwera mabasi awiri ochokera mumzinda wa Ibagué, anthu atalipira munthu wina amene sanawaonepo a Gildardo n'kamodzi komwe. Waya anaudula ndi pulayala. Koko anathyola wosapsa n'kumutaya atangoluma. Pamwala wa a Herminda anaikapo sipika.

Lachiwiri lina m'mawa a Gildardo anafika kwa Aleida, atavala malaya oyera ngati opita ku Misa. Munthu wa zaka 79, woonda ngati nsungwi. Khofi anakana. Nubia anaitanidwa, ndipo anabwera akupukuta manja omwe sanali onyowa.

"Ng'ombe yanga yabere yafa Loweruka," anatero a Gildardo. "Titaing'amba tapeza majumbo odzaza ndowa. Zina zitatu ndakazitenga kumsewu waukulu."

"Bambo, pepani," anatero Nubia. "Chithunzi chija ndachifufuta kalekale. Onani, palibe."

Mkuluyo sanayang'ane foni ya Nubia. Anatulutsa yake, yagalasi losweka, n'kuisuntha patali ndi maso. "Mwana wanga wa ku Cali wanditumizira ichi dzulo. Akuti, bambo, chipata ichi si chathu? Wachiona kwa mnzake wa kuntchito." Anaibweza m'thumba. "Iwe wafufuta chako, mwanangu. Zawo afufute ndani?"

"Ndiwalembera a sitolo. Ndiwauza kuti achotse."

"Alembere. Ine ndagula waya wina ndi agalu awiri, ndipo mpongozi wanga akuti malo onse a kumtsinje tiwatseke. Ndikatsegulira inu, m'mbuyo mwanu mulowa makumi asanu." Anayang'ana kumsomali, kenako pansi. "Arcesio anasunga mawu mpaka kumanda. Sindinabwere kudzakalipa. Ndabwera kudzatenga chitsulo changa."

Aleida sanapemphe. Anakwera pampando, n'kutsitsa kiyi uja, n'kumasula kansalu kofiira chifukwa kanali ka m'malaya a bambo ake. Kiyi anapereka ndi manja awiri. A Gildardo atafika pakhomo anaima pang'ono.

"A Herminda ali bwanji?"

"Ali bwino, bambo. Akugona."

"Musawauze kuti ndinabwera."

Nubia analembadi. Analemba kasanu, ndipo kasanu konse anayankhidwa ndi makina omuthokoza posankha sitolo yawo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi chithunzi anachichotsa, koma chinali chitaswana kale ngati nsabwe. Ankati akapempha uyu kuti afufute, mawa chatulukira kwa wina, chili ndi nyimbo. Anapita kufamu ndi nkhuku ziwiri, agalu anamubweza asanafike pachipata. Anayesa kudzera kwa abambo mfumu a parishi, a Gildardo n'kuyankha kuti anakhululuka kale, koma kukhululuka si kiyi.

Poto wamagetsi anafika mu Meyi. Nubia anapambanadi. Anali kapoto kophikira anthu anayi, pepala lake la malangizo lili m'chinenero chomwe palibe anachidziwa. Nubia sanakatulutse n'komwe m'katoni. Kuitanitsa katundu sanasiye, munthu sasintha khungu, koma mawu aja oti ndili ndi chiyani chobisa sitinawamvenso.

Chaka Chatsopano chotsatira a kwa Capera anaphikira kuseri kwa nyumba, pasimenti, pakati pa thanki ya madzi ndi chingwe choyanikira zovala. Mafuwa anali njerwa. Ana anawathirira madzi m'mabafa awiri, ndipo anakanganirana mpaka wina analira. Sankocho anakoma monga mwa nthawi zonse, dzanja la Aleida silinasinthe, koma anthu ankadya mwakachetechete ngati pamaliro a munthu wakutali.

A Herminda anali atadzuka mbandakucha n'kuvala okha. Diresi anavala chakumbuyo, koma chipewa chaudzu chinali pamalo pake. Anakhala pampando wawo wa pulasitiki pafupi ndi khomo lakumsewu, kachikwama pamiyendo, ndipo anakana kusunthidwa.

"Jipi yachedwa," anatero. "Aleida, watenga kiyi?"

Aleida anali ndi chipande m'manja. Anayang'ana mng'ono wake. "Ayankhe ndiwe."

Nubia anapita kukatunga madzi m'beseni, n'kuthiramo madzi oundana a m'furiji kuti azizire. Anagwada, n'kuwavula amayi ake nsapato, n'kuika mapazi awo m'madzimo limodzilimodzi.

"Chaka chino tidyera konkuno, amayi. Tafotokozani ya chingwe ija."

A Herminda anayang'ana beseni, anagwedeza zala zakumapazi, kenako anayang'ana Nubia nthawi yaitali ngati mlendo.

"Chingwe chake chiti?" anafunsa.

Yurani analowa m'nyumba. Patapita kanthawi a Herminda anafunsanso ngati jipi yafika, ndipo anafunsabe mpaka dzuwa linapendeka.

Anamwalira mu Ogasiti, dziwe lija osalionanso. Msomali uja ulipobe m'khitchini mwa Aleida, pamwamba pa poto wamkulu, ndipo pamalendewera kansalu kofiira kokha. Chithunzi cha masandasi achikasu nachonso chilipobe. Mwezi wathawu mwana wanga wachiona pafoni pake, akuti pansi pake alemba kuti malowa ndi otseka, koma ukadzera kumtunda kwa mtsinje ukhoza kulowa.

Kudina n'kosavuta, ngakhale mwana woyamwa amatha. Nubia ankati zikavuta afufuta, ndipo anafufutadi, anapepesa, anagwada. Zonsezo anachita ndi mtima woona, koma akuluakulu ananena kale foni zisanabwere: madzi akatayika saoleka.