Wocheka Matabwa Amene Anatsikira M'dzenje

Panali munthu wina amene ankadyetsa banja lake pocheka matabwa m'nkhalango ya paini. Ntchito imeneyi sagwira munthu mmodzi. Chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje, wina n'kuima pachipikapo, wina n'kulowa pansi, macheka n'kumayenda pakati pawo. Munthu wathuyu anali wapamwamba. Ndiye ankalemba mzere ndi chingwe chonyika m'makala, ndiyenso ankalankhula ndi ogula, choncho pogawana ankatenga gawo lalikulu. Sanali woipa mtima. Ankangoona ngati dziko linalengedwa choncho.

Kenako zinthu zinakwera mtengo. Sopo, mchere, mafuta ophikira, zonse zinathawira kumwamba, koma mtengo wa thabwa unangokhala pomwepo ngati mwala. Nyengo yomweyo mnzake wapansi uja anayamba kutsokomola. Kuchipatala anamupima, n'kumulembera mankhwala oti akagule yekha. Iye anapempha kuti gawo lake likwereko pang'ono. Wapamwamba anayankha kuti kwakenso moto ukuyaka mwa apo ndi apo, ndipo sankanama.

Wapansi sanabwerezenso pempholo. Mankhwala ankamwa lero, mawa ayi, kuti akhalitse ndiponso kuti ana asagone ndi njala. Mikono yake inafooka, macheka n'kumayenda mokakamira, ndipo wapamwamba ankang'ung'udza mumtima kuti mnzakeyo wayamba ulesi. M'mawa wina wapansi sanabwere.

Wapamwamba anapeza waganyu, munthu wadzitho. Koma waganyuyo atasuzumira m'dzenjemo anakanitsitsa. Anati iye amacheka ali pamwamba, apo ayi abwerere kwawo. Ogula anali akudikira matabwa awo. Wapamwamba uja anavula malaya, natsikira m'dzenje koyamba chiyambire ntchitoyo.

Macheka atangoyenda, utuchi unayamba kugwa. Unalowa m'maso, m'mphuno, mpaka kukhosi. Akayang'ana kumwamba, unkamuthira kumaso. Akaweramitsa mutu, macheka ankakhota. Kamphepo kamene ankakamva ali pamwamba sikankafika kumeneko. Dzuwa lisanafike pamutu anali atayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho anachizindikira: chinali chomwe chija ankachimva pansi pa mapazi ake osachilabadira. Anachita manyazi, kenako anagwidwa ndi mantha.

Anasiya chipikacho chili chocheka theka, nabwereka njinga, napita kwa mnzake. Anamupeza atagona pamphasa pakhonde, mkazi wake atapita kumsika kukagulitsa nkhuku yotsala.

"Achimwene, dzukani tipite kuchipatala," anatero. "Mankhwalawo tigula tonse. Mukachira tizisinthana malo, ndipo gawo lizikhala lofanana."

Wodwalayo anayang'ana tsitsi la mnzake, lomwe linali mbuu ndi utuchi. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Chitamusiya anati:

"Mwalowamo eti? Ndiye mwangolawa m'mawa umodzi wokha."

Wapamwamba anawerama pamphasapo. Anangomudzutsa, n'kumukweza panjinga.

Inu amene mukundimva, ambiri a ife, ngakhale tikulira kuti malipiro sakukwana, tili pamwamba pa wina wake. Pali mayi amene amakuchapirani zovala, pali mlonda wa pageti, pali waganyu amene amakupalirirani munda. Mavuto anu ndi enieni, sindikutsutsa. Koma utuchi sukwera, umagwa pansi, ndipo amene akuugwetsa nthawi zambiri sauona. Musadikire kuti wapansi ajombe ndiye mudziwe chimene wakhala akupuma. Tsikirani m'dzenjemo mukamufunse lero, akadali ndi mpweya wokuyankhani.